Kuzizira Kunali Kuchipinda

Eyakoni ija, makina oziziritsa m'nyumba, ndinaigula mu Januwale, kunja kuli mbee ndi sinowo, pamene aliyense wamutu wake ankasakasaka zotenthetsera m'nyumba. Ukatswiri wake ndi umenewo. Ndinakulira pamsika wa Limbe ndikugulitsa kaunjika, ndipo venda aliyense amadziwa kuti juzi umagula mu Okutobala, ambulera mu Juni. Mwini wake anali mzungu wina wa ku Oshawa amene ankasamuka, katundu ali mbwee m'galaja. Anatchula mtengo, ine ndinaseka. Anatsitsa, ine ndinagogoda makinawo ndi chala n'kutchera khutu ngati dokotala amene wamva zosakhala bwino pachifuwa. Anatsitsanso, ine ndinauyamba wa kugalimoto pang'onopang'ono, mayendedwe aja oti miyendo ikupita koma makutu atsala m'mbuyo. Anandiitana. Pomaliza anandinyamulira yekha, n'kuikapo fani yakale ya basela, kungofuna kuti ndimuchokere pakhomo asanaume ndi chisanu.

Chimene sindinachite n'kuyeza mawindo. Timakhala ku Brampton, kufupi ndi Toronto, pamwamba penipeni pa nyumba ya eni ake, denga lili pamutu pomwepa. Pali chipinda chimodzi, pabalaza pomwe palinso khitchini pakona, ndi kanjira kopapatiza kokhota kolumikiza ziwirizi, bafa lili pakati. Windo la pabalaza ndi lija lotsegula mopukusa, limangoyasama pang'ono ngati mwana wokana mankhwala. Eyakoni sinalowepo. Inakwana pawindo la kuchipinda, lokweza m'mwamba, ndipo ndinaikhazika pamenepo, windolo n'kuitsikira pamsana kuti liigwire.

"Nanga pabalaza?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Pabalaza pali ine," ndinatero. "Ine wa ku Chikwawa. Kwathu nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Kutentha kwa kuno kungandiuze chiyani?"

Ndinali ndi umboni winanso. Ntchito yanga ndi yoyendetsa thiraki, ndipo miyezi yotentha ndimatsika nayo mpaka kuchipululu cha kumwera kwa America, kumene phula limafewa, chitseko cha galimoto chimakulumira m'manja, mthunzi wokhawo n'kukhala wa thiraki yako yomwe. Kumeneko masana mitambo imaunjikana pamwamba pa mapiri opanda mtengo, kenako kumadzuka chikhoma cha fumbi ngati phiri la Mulanje laganiza zoyenda. M'mbuyo mwake mumabwera ziphaliwali ndi mvula yogwa ngati akukhuthula migolo, mitsinje youma yamchenga n'kusefukira nthawi yomweyo, monga umachitira mtsinje wa Mwanza kwathu. Nkhani zimenezi ndimazikamba bwino anthu akasonkhana. Chimene ndimasiya n'chakuti zonsezi ndimaziona pagalasi, ndili mozizira, ndikutafuna mtedza. Chinthu chimodzi chokha ndinachiona pafupi. Dalaivala wina anagwa pamalo opumulira, khungu lake lili louma ngati chikopa cha ng'oma, ndipo amene anamuthandiza anati thukuta likasiya kutuluka ndiye kuti munthu wayamba kupsa m'kati. Ndinasunga mawuwo osadziwa kuti ndikusungira ndani.

Mu Julaye kunabwera apongozi anga, bambo wa mayi a kunyumba, kudzationa. Ndi mkulu wa mpingo wa ku Dedza, kumapiri kozizira kuja, munthu amene ku Chikwawa anafikako kamodzi pamaliro n'kulumbira kuti sadzabwererako. Asananyamuke anandifunsa pafoni zoti atenge, ndipo ine, katswiri wa zovala, ndinawauza kuti kuno ndi dziko la chisanu, akasankhe zokhuthala pa kaunjika. Ndinaiwala kunena mwezi. Anatsika ndege atavala suti, juzi m'kati, chikhoti chachikulu chili pamkono.

Tinawakonzera pogona pabalaza, pa sofa lotambasula. Sabata yomweyo kutentha kunafika.

Sikunali kwa ku Chikwawa kuja. Kwathu dzuwa limakumenya poyera, koma pali mtengo wa masau, pali khonde, madzulo kamphepo kamachokera ku Shire. Uku kunali chitungu chonyowa, ngati wina wavundukula mphika wa nyemba n'kukuvundikira nawo. Denga linkamwa dzuwa tsiku lonse n'kumatilavulira ife. Batala ankasanduka mafuta, sopo ankaterera yekha m'mbale, ndipo fani ya basela ija inkangosuntha mpweya wotentha kuchoka kwa ine kupita kwa apongozi, kuchoka kwa apongozi kubwera kwa ine.

Mayi a kunyumba ndi namwino pachipatala china m'tauni ya Toronto. Ankanyamuka m'mawa ndi galimoto, n'kukaisiya pasiteshoni ya sitima. Thiraki yanga inali kugalaja. Choncho tinkatsala awiri, mkamwini ndi apongozi ake, m'kachipinda kamodzi. Kwathu anthu awiri amenewa sapanikizana. Mukakumana panjira wina amapatuka, mumalonjerana chapatali mutanjuta. Koma mwambowo anaukonza anthu okhala ndi bwalo ndi njira zambiri. Pano ndikanapatukira kuti, mu firiji?

Ine sindikanakhala ndi vesiti kapena kabudula pamaso pawo, ndiye ndinkavala malaya aatali manja ndi thalauzi. Iwo sakanavula jekete m'nyumba ya mkamwini, ndiye ankakhala ndi jekete ndi tayi. Aliyense ankaveka mnzake. Tinkakhala moyang'ana kosiyana, wailesi yakanema ikulankhula yokha, thukuta lili kamukamu, kwinaku kuseri kwa kanjira kaja eyakoni ikung'ung'udza, ikuziziritsa bedi lopanda munthu. Nthawi zina ndinkanamizira kukafuna chaja ya foni. Ndinkaima patsogolo pa makinawo, manja m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi, kenako n'kubwerera malaya akuzizira ngati umboni wa kuba.

Mayi a kunyumba anali atandichenjeza. "Bambo ndi a BP. Azimwa madzi, ndipo masana azikhala kozizira. Kutentha uku kumapha okalamba, ife tikuwalandira kuchipatala."

Koma apongozi madzi ankangonyambita. Ndinazindikira mochedwa chifukwa chake: chitseko cha bafa chinayang'anizana ndi cha kuchipinda kwathu, ndipo iwo anaona kuti n'kwabwino kuuma kukhosi kusiyana n'kumapitapita kumeneko mkamwini akuwerenga maulendo. Za kozizira, mwana wawo anayesa yekha.

"Ababa, masana okha muzikapuma kuchipinda. Ife sitikhalamo."

Anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi. "Iwe, ndinakulera ndine. Unandionapo ndikuponda kuchipinda kwa mwana wanga wokwatiwa? Ndiyambire kuno kwa eni, poti ndakwera ndege?"

Nkhani inagwera ine, munthu amene sanalepherepo kutsitsa mtengo. Ndinayamba ndi kuwatengera kumsika wina waukulu wa m'nyumba, kozizira bwino, tinakwera basi. Anakhala pabenchi pang'ono, kenako anati sangakhale m'sitolo ya eni tsiku lonse osagula kanthu ngati wakuba akuwerenga alonda. Pobwerera masitepe a kwathu anawathyola mawondo, ndipo mawa lake anakana kutsika. Ndinayesa kusiya chitseko cha kuchipinda chotsegula, fani ili pakhomo kuti izikankhira kuzizira pabalaza. Atapita kubafa anaona ngodya ya bedi, anabwerera nkhope ili kumbali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Akamwini, chitseko chija mwina mwaiwala." Ndinapachika chitenje pakhomopo. Bedi linabisika, mphepo nayo inabisika.

Tsiku lachinayi kunacha kopanda ngakhale mbalame yolira. Pofika masana kumwamba kunali kotuwa ngati phulusa, masamba a mitengo ali duu. Apongozi anakana chakudya. Anakhala pampando wawo manja ali pamawondo, akupuma ndi pakamwa. Ndinakoka kampando n'kukhala chapatali, monga mwa ulemu, ndipo ndinatsegula msika.

"Bambo, ndifunseko. Kodi chipinda chimakhala chipinda chifukwa cha chiyani?"

"Akamwini, mwayamba za ku Limbe."

"Ndikungofunsa. Si bedi kodi? Nditatulutsa bedi, mwatsala makoma anayi ndi windo. Amenewo ndi malo osungira katundu basi."

"Makoma amakumbukira."

"Makoma ndiwapenta."

"Nanga denga?"

"Denga ndi la landilodi, bambo, silitidziwa n'komwe."

Ndinaona ngati pakamwa pawo pagwedezeka, ngati kuseka kukufuna kutuluka. Kenako anatseka maso osayankha. Pamsika, kasitomala akasiya kutsutsa ndiye kuti dzanja lalowa kale m'thumba. Ndinadzuka ndikudziyamikira mumtima, ndinatenga sipanala, n'kulowa kuchipinda.

Matabwa a bedi sanavute. Vuto linali matiresi. Tinagula lalikulu lija lobwera lofinyidwa m'katoni, ndipo aliyense amene anadulapo mawaya a belo la kaunjika amadziwa kuti zotulukamo sizibwereramo. Ndinaliimika, ndinalikankha, linatuluka pakhomo bwinobwino, koma pokhota paja linapindika n'kudzaza kanjira konse, khoma mpaka khoma. Kukankha, ayi. Kukoka, ayi. Ine ndinatsala mbali ya kuchipinda, apongozi mbali ya pabalaza, pakati pathu patatsekeka ndi chinthu chimene iwo sankayenera ngakhale kuchiona.

"Bambo, tandikokeraniko pang'ono uko!" ndinafuula, ndipo mawu atatuluka ndinadzigwira pakamwa. Mkamwini wanji wouza apongozi kuti agwire matiresi lake?

Sanayankhe. Ndinati akwiya, ndipo akuyenera. Ndinapepesa kudzera m'matiresimo. Kenako ndinamva akulankhula, koma osati ndi ine.

"Mbatata zija mwakumba? Mvula ikubweratu. Uzani anyamata atsekere mbuzi."

Mbuzi ku Brampton. Ndinakwera matiresi lija ngati buluzi, ndinadzipanikiza pakampata kapamwamba, n'kugwera mbali inayo chamutu. Ndinawapeza atapendekeka pampando, maso ali theka, tayi ili m'malo mwake. Kwa nthawi yoyamba chikwatire mwana wawo ndinawagwira pamphumi. Panali potentha ngati chiwaya, ndiponso pouma. Chikopa cha ng'oma chija.

Ndinaimbira mayi a kunyumba, amene anali atangokwera sitima yobwerera.

"Akutuluka thukuta?"

"Ayi."

"Avuleni."

"Ndani?"

"Inu, avuleni bambo! Jekete, tayi, malaya, zonse. Muwathire madzi ozizira m'khosi ndi m'khwapa, muwalowetse ku eyakoni. Ine ndikuitana ambulansi."

"Koma mwambo, mayi..."

"Mwambowo mukaupitiriza kumanda? Avuleni!"

Akuluakulu anati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ndinamasula tayi maso ali kudenga, pakamwa pakungotuluka "pepani bambo, pepani bambo" ngati nyimbo. Ndinavula jekete. Ndinamasula mabatani a malaya. M'kati munali vesiti, ndipo m'kati mwa vesitimo munali chovala chaubweya chogwira thupi, chija ndinawauza ndekha pafoni kuti asachisiye. Pamenepo ndinasiya kupepesa, ndinangong'amba. Matawulo anali kubafa, kuseri kwa matiresi, choncho ndinavula malaya anga, ndinawaviika m'madzi a mu firiji n'kuwakulunga nawo kumutu. Madzi otsala ndinawathira m'khosi.

Kenako ndinawabereka. Mkulu amene mawu ake amaimitsa msonkhano wa mpingo anapepuka kumsana kwanga ngati mtolo wa mapesi. Pakanjira paja ndinaliponda matiresi ndi mkwiyo wonse wa sabata imeneyo, ndipo chinthu chimene chinakana nzeru chinamvera chidendene. Linagwa chogona, theka pansi theka kukhoma. Ndinayenda pamwamba pake, ndikumira mpaka m'akakolo, apongozi ali kumsana, mapazi awo akukhukhuza pogona pa mwana wawo. Ndinawagoneka pansi m'chipinda chopanda bedi chija, pansi penipeni pa eyakoni, mphepo yozizira n'kumawatsikira pachifuwa.

Ndinati tapulumuka. Ndisanamalize kuganiza, kunja kunada ngati wina wazimitsa dzuwa. Kunang'anima, bingu linagunda pamwamba pa denga lathu lomwe, ndipo magetsi anangoti zii. Eyakoni inatsokomola kamodzi n'kukhala chete.

Foni inalira. Mayi a kunyumba anati sitima yaima pakati pa njira, mtengo wagwera panjanji, ndipo sakuwalola kutsika. Ambulansi ikubwera, koma maroboti afa ndipo misewu yadzaza madzi. "Musawapatse chakumwa ngati sakudziwa pomwe ali. Muzingowaziziritsa."

Ndiwaziziritse ndi chiyani? Ndinayang'ana uku ndi uku. Chitseko chinali chitatsekeka theka ndi matiresi. Windo lokhalo linali litadzazidwa ndi makina akufa. Pagalasi lapamwamba ndinkaona mitengo ikugwada mpaka pansi, zinyalala zikuuluka, mphepo yonse ya dziko lapansi ikudutsa pamphuno pathu, koma m'katimo munalibe ngakhale mpweya wogwedeza ulusi. Kuzizira kochepa kumene kunalimo kunayamba kutha, denga likubwezeramo moto wake. Ndinawakupiza ndi chivundikiro cha katoni mpaka mkono unafa. Apongozi anali atasiya za mbuzi. Anali atasiya kulankhula kulikonse.

Kuchipululu kuja, mkuntho ukafika, ndimakweza magalasi n'kudikira. Apa ndinachita zosiyana. Ndinagwira windo ndi manja awiri n'kulikankhira m'mwamba, nditaiwala kuti windolo ndilo linkagwira eyakoni. Makina aja anapendekeka mwaulemu, ngati mlendo akutsanzika, n'kutuluka. Chingwe chinandikwapula pamwendo pothamangira mwini wake. Pansi panamveka chiphokoso, pakati pa matimati a landilodi.

Ndiye mphepo inalowa. Inalowa ndi mvula yake yopingasa, ndi matalala odumphadumpha pansi ngati chimanga m'chiwaya, ndi fungo lija la fumbi lonyowa limene kwathu limatulutsa ana m'nyumba mvula yoyamba ikagwa. Makatani anaima chopingasa. Ndinawakokera apongozi pafupi ndi windo, ndinakhala pansi n'kutsamiritsa mutu wawo pamwendo panga, ndipo tinanyowa tonse awiri ngati mbuzi zija anazitchula. Mabingu ankagunda motsatizana, ziphaliwali zikuyeretsa makoma, madzi akuyenda pansi kulowera kumatiresi. Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndinkangoyang'ana chifuwa chawo, kukwera, kutsika, kukwera.

Kenako anatsegula maso.

"Akamwini."

"Wawa, bambo."

"Malaya anu ali kuti?"

"Ali kumutu kwanu, bambo."

Anakweza dzanja n'kukhudza. Anayang'ana chifuwa chawo chosavala. Maso anayenda pang'onopang'ono kupita kukhoma, pomwe panali chithunzi chathu chaukwati, n'kufika pa madiresi a mwana wawo ali pa hang'ala. Anawatsekanso, koma ulendo uno mwadala, mwamphamvu.

"Ine sindikuona kanthu," anatero.

"Palibe choona, bambo. Ndi mosungira katundu muno."

A ambulansi anatipeza choncho, amuna awiri osavala malaya m'chipinda chodzaza madzi, iwo atachita kukwera pamwamba pa matiresi kuti afike pomwe tinali. Sanafunse zambiri. Apongozi anagona kuchipatala, anawaika madzi a m'botolo, ndipo mawa lake madzulo anatuluka akuyenda okha, atavala malaya amodzi opepuka amene mwana wawo anawagulira osawafunsa maganizo.

Ine tsiku limenelo ndinali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba inali kuima pamaso pa landilodi ndi mtembo wa eyakoni pakati pa matimati ake. Yachiwiri inali kukagula ina, mu Julaye, m'sitolo, pamzere wa anthu amene onse ankafuna chinthu chomwecho. Nditafika pakauntala pakamwa panga panatseguka pokha mwa chizolowezi. Mtsikana wogulitsa anayang'ana ine, anayang'ana mzere wa kumbuyo kwanga, anayang'ananso ine. Ndinatseka pakamwa n'kulipira mtengo wonse. Ndinaonetsetsa kuti anthu a ku Limbe palibe.

Nditaikhazika pawindo lomwe lija, ulendo uno ndi zomangira zake, apongozi anandiitana pabalaza. Anali ndi kapu ya madzi m'manja, ndipo ankamwa moonetsa.

"Akamwini, nkhani munaiyamba ija sitinaimalize. Munati mukatulutsa bedi, si chipindanso?"

"Ndinatero, bambo."

"Chithunzi chija mutulutsenso. Ndi zovala. Makoma musavutike kupenta, mvula yatsuka."

Mtima wanga unavina. Ndinayang'ana mayi a kunyumba kuti aone mwamuna amene anakwatiwa naye. Tinatulutsa zonse, tinalowetsamo kabedi kakang'ono kobwereka kwa anzathu a kumpingo, ndi sutikesi yawo, ndi Baibulo lawo. Analowa okha, ndi miyendo yawo, anaima patsogolo pa eyakoni yatsopano maso ali chitsekere, mphepo ikuwagwedeza malaya. Ine ndinawatsatira kuti ndiwaonetse mabatani ake. Ndinali nditaponda phazi limodzi pakhomo pamene anatembenuka.

"Mabataniwo andionetsa mwana wanga. Popeza tsopano ndikugonamo ndine, kuno ndi kuchipinda kwa apongozi anu. Mwambo mukuudziwa, akamwini."

Ndinabweza phazi lija.

Anakhala nafe mpaka masamba atayamba kufiira. Kutentha kunabweranso kawiri, ndi mabingu ake. Ife tinkagona pabalaza, pamatiresi limene silinasiye kununkha mvula, pansi pa windo loyasama pang'ono lija, fani ya basela ikutigawira chitungu mofanana. M'mawa uliwonse ankatsokomola kaye kuseri kwa chitseko, ife n'kudzuka msangamsanga kuimika matiresi kukhoma ndi kuliphimba ndi chitenje, kuti pabalaza pakhalenso pabalaza asanatuluke. Masana, mayi a kunyumba ali kuntchito, ndinkawatengera jagi ya madzi. Ndinkagogoda, n'kuiika pansi pakhomo, ndipo ndinkachedwa dala kuwerama pamenepo, poti pansi pa chitseko pankatuluka kamphepo kozizira kokwana zala za kuphazi.

"Mwafika, akamwini?" ankafunsa m'katimo.

"Ndafika, bambo."

"Kunjako kukutentha?"

"Pang'ono, bambo."

"Limbani mtima. Inu ndi a ku Chikwawa."